Rozi amene anakana kufa ku Mpingu

M'mawa wa mu Julayi ku Mpingu kumazizira mpaka zala kuchita dzanzi. Mwera umadutsa m'minda yokololedwa popanda choutchinga, fumbi lili koboo, ng'ombe zili balala kutola mapesi. Nthawi ngati imeneyi ndi imene amayi anga aakulu amanola mpeni pamwala wapakhomo n'kulowera kuseri kwa nkhokwe, kumene kuli chitsamba chaminga chomwe ndinachipeza chilipo kale pamene ndinkayamba kuzindikira.

"Gwira apa, mwana wanga, koma usamale minga," anatero chaka chino akundipatsa nthambi yaitali ngati mkono. Anaiyang'anitsitsa, anakankha munga umodzi ndi chala chachikulu mpaka unathothoka, kenaka anaidula zidutswa zinayi. Sanayeze ndi chilichonse. Manja amene akhala akudula mitengo ya chinangwa kwa zaka makumi asanu safuna rula.

Chitsambachi iwo amachitchula kuti rozi wakutchire, ndipo mbiri yake ndi ya pabanja pathu. Malemu amuna awo anagwirapo ntchito ya m'maluwa kunyumba ya mzungu wina ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, monga ankachitira amuna ambiri akuno masiku amenewo. Pobwerera kumudzi anafika ndi njinga, wailesi, ndi kamtengo ka rozi m'chitini chokulunga ndi saka lonyowa. Rozi ameneyo ankachita maluwa aakulu, ofiira ngati magazi, onunkhira moti amayi opita kuchitsime ankaima kaye ndi ndowa pamutu. Chilala cha 1992, chimene chinapsereza chimanga m'dziko muno, sichinamusiye. Nthambi zonse zinauma gwa. Mvula itabweranso, patsinde panatuluka mphukira zamphamvu kuposa zakale, koma zitachita maluwa anali aang'onoang'ono, oyera, odzaza pamodzi m'timagulu, duwa lililonse lili ndi timasamba tisanu tokha. Ena m'mudzimo anati rozi wasanduka. Ena ananong'onezana kuti pali amene wachitapo zake.

Palibe chimene chinasanduka, ndipo palibe analodza duwa. Chimene bambo aakuluwo ananyamula kuchokera ku Salisbury chinali mitengo iwiri m'thupi limodzi. Marozi a maluwa aakulu amene timawaona pa makadi a ukwati ndi opangidwa ndi anthu, pokwatitsa mitundu ya ku Ulaya ndi ya ku China. Amene mabuku amamutenga ngati woyamba wa gulu limeneli ndi La France, yemwe mlimi wa maluwa wa ku France, Jean-Baptiste Guillot, anamutulutsa m'chaka cha 1867. Kukongola ali nako, koma ambiri mwa iwo mizu yawo ndi yofooka. N'chifukwa chake alimi a maluwa amatenga diso limodzi la rozi wokongolayo n'kulimezanitsa patsinde la rozi wakutchire, amene mizu yake imapirira. Pamwamba pamakhala bwana, pansi wantchito. Chilala chija chinapha bwana, wantchito n'kutsala.

Ndikayang'ana tsamba la chitsamba cha amayi aakulu ndimapeza timasamba tisanu ndi tiwiri, nthawi zina tisanu ndi tinayi, pamene marozi a maluwa aakulu kawirikawiri amakhala ndi tisanu. Pamene tsamba lagwira nthambi pali timano tosongoka ngati ta chipeso. Zizindikiro zimenezi ndi za Rosa multiflora, amene kwawo ndi ku Japan, ku Korea ndi kum'mawa kwa China. Iye ndi mmodzi mwa antchito odziwika onyamula marozi okongola. Ku Ulaya ntchito yomweyo akhala akuipereka kwa Rosa canina, ndipo minda yambiri ya ku Kenya, monga ya m'mbali mwa nyanja ya Naivasha imene imatumiza maluwa kumsika wa Aalsmeer ku Netherlands, imadalira tsinde lotchedwa Natal Briar.

Choncho dzina lakuti wakutchire lisatisokoneze. Mungayende nkhalango ya Dzalanyama kuchokera kumutu mpaka kumchira, rozi wachilengedwe simumupeza. Mitundu yachilengedwe ya rozi ilipo yoposa 100, ndipo kwawo ndi kumpoto kwa dziko lapansi. Kumwera kwa chipululu cha Sahara kuli umodzi wokha, Rosa abyssinica, wa m'mapiri a Ethiopia ndi Eritrea, amene amapezekanso kutsidya kwa nyanja ku Yemen. Achibale a rozi ndiwo tili nawo ndipo timawadya: mapichesi a ku Dedza, maapozi, sitiroberi amene amagulitsidwa paphiri la Zomba. Mukadzaona pichesi atachita maluwa, werengani timasamba ta duwa limodzi. Mudzapeza tisanu, chimodzimodzi rozi wa kuseri kwa nkhokwe uja.

Kuchokera kwa amayi aakulu kupita ku siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ya Chitedze ndi ulendo wapanjinga. Siteshoniyi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1948, pafupifupi makilomita 16 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, pamsewu wopita ku Mchinji. Mbewu zambiri zimene zadyetsa dziko lino zinadutsa m'minda yake, monga chimanga cha MH18 ndi mtedza wa CG7 zomwe zinatulutsidwa mu 1990. Pomwepo palinso nkhokwe ya boma yosungiramo mitundu ya mbewu zathu kuti isatheretu. Ntchito ya malowa ndi chakudya, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Mlangizi akafika m'mudzi amakamba za chimanga, soya ndi mtedza, za rozi sakamba. Nzeru ya maluwa m'midzi yathu yayenda njira ina, kuchoka m'dzanja kupita m'dzanja, kuchokera kwa amene anagwirapo ntchito kumishoni kapena kutauni, kudzera kwa akazi awo, mpaka kwa anansi.

Ine ndikuona kuti anthu a ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma ali kale ndi luso loposa limene rozi amafuna. Munthu amene amafesa njere za fodya, zazing'ono ngati fumbi, n'kuzilera panazale m'dzuwa la Okutobala mpaka kuziwokera, sangagonje ndi kamtengo kaminga. Mayi amene amadziwa kuti mtengo wa chinangwa subzalidwa chozondoka watsala pang'ono kumaliza sukulu yonse. Ndipo dera lino linadalitsika. Chitedze ali pamtunda wa mamita oposa 1,100, mvula imagwa pafupifupi mamilimita 900 pachaka, dothi lambiri ndi katondo wakuya, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumapatsa rozi mpata wopuma umene sangaupeze ku Nsanje kapena ku Salima.

Nthawi yodula timitengo tobzala ndi yomweyo yopumayi, kuyambira kumapeto kwa Juni mpaka kuchiyambi kwa Ogasiti. Ndi nthawi yomwenso marozi amadulira, ndiye mbewu imapezeka yaulere: nthambi zimene mnzanu akanakataya kudzala. Mukachedwa mpaka Okutobala, kamtengo kamauma kasanagwire. Mukadula pakati pa dzinja, tambiri timaola. Nthambi yoyenera ndi ya chaka chomwecho, yonenepa ngati pensulo, yokhwima koma yosakalamba. Kukankha munga kumene ndinaona amayi aakulu akuchita ndiko kuyesa kwake. Munga ukathothoka bwinobwino, nthambi yakhwima. Ukangopindika kapena kung'amba khungwa, ikadali yanthete, isiyeni.

Kamtengo kalikonse kakhale kotalika masentimita 15 mpaka 20, ka maso anayi kapena asanu. Kumunsi amadula mopingasa, pansi penipeni pa mfundo. Kumtunda amadula mopendeketsa, pamwamba pang'ono pa diso. Kusiyanitsa kumeneku kumathandiza kuti madzi asakhazikike pabala lakumtunda, komanso kuti timitengo tikasakanikirana m'beseni munthu adziwe mutu ndi uti. Nkhani ya mutuyi si yamwambo chabe. Mtengo umapanga kunsonga kwake timadzi tina, timene asayansi amati auxin, ndipo timadzito timayenda njira imodzi yokha, kutsikira kumunsi. Tikafika podulidwa timasowa kolowera, timaunjikana, ndipo ndi pamenepo pamayamba mizu. Kamtengo kobzalidwa chozondoka kamangokhala m'dothi mpaka kufa.

Masamba amachotsa onse n'kusiya awiri akumtunda, chifukwa tsamba lililonse ndi khomo lotulukira madzi, pamene kamtengoko kalibe mizu yomwera. Ndipo ngati cholinga ndi chodzamezanitsapo rozi wina m'tsogolo, pali kantchito kena kamene ambiri amakaiwala. Tengani lezala, mukolowole maso onse akumunsi, musiye awiri okha apamwamba. Diso lililonse limene mwalisiya pansi pa dothi lidzatulutsa mphukira yolimbana ndi rozi womezanitsidwayo, ndipo pamapeto pake idzamuposa.

Dothi lobzalamo ndi pamene anthu achifundo amalakwitsa. Amaganiza kuti kamtengo kakufuna chakudya, ndiye amathira manyowa a khola, ena mpaka feteleza. Kopanda mizu sikadya. Manyowa amangobweretsa zoolesa pabala. Amayi aakulu amatuma ana kukatapa mchenga kumtsinje, amasakaniza mbale ziwiri za mchenga ndi mbale imodzi ya dothi lakuda la pansi pa mtengo, basi. Katondo yekha sayenera, pakuti akanyowa amamata ndipo akauma amalimba ngati njerwa. Chobzalamo chilichonse chimatheka, machubu a mitengo ya nazale, mapaketi a shuga, zigubu zodula pakati, bola pansi pakhale mabowo. Amayamba aboola dzenje ndi kamtengo kena kuti khungwa lisasupuke polowetsa, amakwirira magawo awiri mwa atatu a kamtengoko, n'kutsindira ndi zala ziwiri. Akathirira, amavindikira ndi theka lakumtunda la botolo lapulasitiki la malita awiri. M'kati mwa botolo mumachita thukuta, ndipo chinyezi chimenecho ndicho chimasunga masamba awiri aja. Zonse amaika pansi pa chisakasa chaudzu, pamene pamafika dzuwa lam'mawa lokha.

Kenaka pamabwera gawo lovutitsitsa, losachita kanthu. Ine ndinalephera pomwepa. Ulendo wanga woyamba ndinatenga timitengo makumi awiri kupita nato kutauni. Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, ndipo patsiku lililonse ndinkazula kamodzi kuti ndione ngati mizu yayamba. Patatha masabata awiri maso anaphukira, masamba obiriwira bwino. Ndinakondwa, ndinachotsa mabotolo, ndinatulutsa machubu padzuwa. Sabata isanathe tonse tinali titafota, ndipo kumunsi kwake kunali kutada bii. Zinandiwawa, chifukwa inali mbewu ya kwathu. Nditakawafotokozera amayi aakulu, anangopukusa mutu.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga. Masamba oyambawo ndi a chakudya chimene kamtengo kanachoka nacho kwa mayi wake. Kukhala ndi masamba si kukhala ndi mizu."

Ananena zoona zokhazokha. Choyamba kuoneka pabala lakumunsi ndi chotupa choyera ngati chipsera, pakatha masabata atatu kapena anayi. Mizu yeniyeni imabwera pambuyo, ndipo m'nyengo yozizira imatha kutenga masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu. Pa nthawi yonseyi mchenga ukhale wonyowa ngati chovala chofinya, osati chonyika. Kulowetsa chala ndi kumene kumauza munthu ngati pakufunika madzi. Kuzula n'kosafunika. Mizu ikakwana imadzionetsa yokha m'mabowo a pansi pa chubu, ndipo pamenepo botolo amalichotsa pang'onopang'ono, maola ochepa tsiku loyamba, kuwonjezera mawa lake. Mwa timitengo khumi ta rozi wakutchire, amayi aakulu sataya toposa titatu. Atayesa ndi rozi wofiira wopempha kwa anzawo, tinagwira tiwiri tokha, ndipo tinakula monyentchera.

Adani a nazale yotereyi ndi odziwika. Chiswe m'dera lino sichigona, ndipo kamtengo kouma pang'ono ndi ndiwo zake. Ena amawaza phulusa kuzungulira machubu, ena amathira madzi onyikamo masamba a nimu, ndipo zimathandiza pang'ono. Chimene ndaona chikugwira ntchito kwenikweni ndi kuchotsa machubu pansi, kuwaika pathandala kapena palata lakale lokwezedwa pa njerwa, n'kumayang'ana miyendo yake ngati chiswe chayamba kumanga njira. Nkhuku zimapalasa. Mbuzi ndiye nkhani ina, popeza Julayi ndi nthawi imene ziweto zimalekereredwa anthu atakolola, ndipo mbuzi imadya tsamba la rozi ngati kuti minga palibe. Popanda kampanda, ntchito ya miyezi iwiri imatha m'mphindi zisanu.

Pa Facebook ndi WhatsApp pamayenda kanema wolangiza kubaya kamtengo ka rozi m'mbatata ya kachewere musanakwirire. Ndikupemphani, kachewereyo phikani. Kawirikawiri amaola pamodzi ndi kamtengoko, apo ayi amamera iyeyo rozi n'kufa. Ufa wothandiza kutulutsa mizu, umene umapezeka m'masitolo ena a zaulimi mumzinda, ndi weniweni, chifukwa muli mankhwala ofanana ndi timadzi tija tam'mtengo. Kwa marozi ovuta umathandiza. Wakutchireyu saufuna.

Amene alibe nthawi yolera machubu ali ndi njira ina yosavuta, ndipo ndi imene ndimaikonda. Mvula ikakhazikika mu Disembala kapena Januwale, sankhani nthambi yaitali yofewa, muiweramitse mpaka igunde pansi osaidula kwa mayi wake. Pamene yagunda, palani khungwa lakumunsi masentimita awiri kapena atatu, kwirirani pamenepo kuya ngati chikhatho, mupanikize ndi kamphanda kapena njerwa, nsonga yake muimangirire ku kamtengo kuti iyang'ane kumwamba. Mwanayo amapitiriza kuyamwa kwa mayi wake uku akupanga mizu yakeyake, ndiye za botolo ndi chisakasa palibe. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mumadula pakati, mumakumba ndi dothi lake, n'kukabzala kumene mukufuna. Rosa multiflora amachita zimenezi ngakhale popanda womuuza. Nsonga ikangokhudza dothi lonyowa, imagwira.

Palinso mphukira zimene zimatuluka patali pang'ono ndi tsinde, zochokera kumizu. Zimenezo ndi mbewu yobadwa kale, yongofuna khasu kumayambiriro a mvula. Mphamvu ya rozi wakutchire ili pansi pa nthaka, ndipo si ku Mpingu kokha kumene anthu anadabwa nayo. Mumzinda wa Hildesheim ku Germany muli Rosa canina wokwera pakhoma la tchalitchi chachikulu, amene eni ake amati wakhalapo zaka chikwi. Mu Malichi 1945 mabomba a nkhondo anagumula ndi kutentha tchalitchicho, rozi n'kupsera limodzi. Patangopita masabata ochepa, mphukira zinatuluka pakati pa zigumukire, ndipo chitsambacho chilipo mpaka lero. Nditawafotokozera amayi aakulu nkhani imeneyi sanadabwe n'komwe. Anangoti ndi mtundu umodzi ndi wawo.

Za njere sindikhalitsapo, chifukwa kuno ndi njira yovuta. Maluwa akayoyoka pamatsala tizipatso timene timafiira tikapsa, m'kati mwake muli njere zokutidwa ndi ubweya. Ubweya umenewo umayabwa pakhungu, ndipo munthu wobadwira kudera lotchedwa dzina la chitedze safunika kumuuza kawiri tanthauzo lake. Njerezi zinazolowera kwawo kogwa chipale, ndiye sizimera mpaka zitagona m'chinyezi chozizira kwambiri, pafupifupi madigiri 4, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Chisanu chathu sichifika pamenepo nthawi yaitali chotero. Amene ali ndi firiji akhoza kuziika mumchenga wonyowa m'kabotolo, magetsi akalola. Tizipatso ta rozi tili ndi vitamini C wambiri, moti ku Britain kuyambira 1941, pamene nkhondo inatseka njira za zombo zobweretsa malalanje, ana asukulu ankatumidwa kukatola ta Rosa canina kuti tipangidwe madzi otsekemera omwetsa makanda. Ife tili ndi malambe ndi magwafa, pamenepo sitikusowa.

Timitengo togwira mu Seputembala timadikira m'machubu mpaka mvula itakhazikika. Dzenje likhale lakuya ndi lotambalala ngati theka la mita, ndipo apa ndi pamene manyowa amalowa, ndowa imodzi ya oola bwino osakaniza ndi dothi lapamwamba. Rozi amafuna dzuwa la maola osachepera asanu ndi limodzi, ndiye pansi pa mango si malo ake, ndipo pafupi ndi bulugamu amamwedwa madzi onse. Udzu wophimbira pansi umasunga chinyezi, koma usakhudze tsinde, chifukwa ndi mlatho wa chiswe. Mukabzala motalikana mita imodzi, m'zaka ziwiri mumakhala ndi mpanda wamoyo umene wakuba nkhuku amauganizira kawiri.

Tsopano tifike pamene pali phindu lenileni la wantchito uja, kumubwezera bwana wake. Tsinde likagwira ndipo likukula mwamphamvu, khungwa lake limasendeka mosavuta, makamaka m'dzinja. Pezani nthambi ya rozi wokongola imene yangomaliza kuchita duwa, muthothole masamba n'kusiya timapesi take tokha. Patsinde la wakutchire, masentimita ochepa kuchokera pansi, chekani khungwa ngati chilembo T, osafika m'kati mwa mtengo, mutsegule milomo yake ndi nsonga ya lezala. Kenaka sengani diso limodzi la wokongolayo pamodzi ndi kakhungwa kake kotalika ngati chikhadabo, mukalowetse m'kathumbako diso likuyang'ana kumwamba. Mangani ndi kachingwe kodula papaketi ya shuga, diso lokha likhale poyera. Chitani mwachangu, bala lisaume, ndipo osagwira ndi chala mbali yonyowa. Pakatha masabata atatu, khudzani kaphesi kaja. Kakathothoka kokha diso lili lobiriwira, zatheka. Mumamasula chingwe, mumadula mutu wa wakutchire pamwamba pa disolo, ndipo mphamvu yonse ya mizu imalowa mwa mlendo. Anyamata amene anaphunzira kumezanitsa mango ndi malalanje m'magulu a nazale ntchitoyi angaigwire tsiku limodzi. Mphukira za timasamba tisanu ndi tiwiri zikadzatuluka pansi pa mfundo yomezanitsira, muzizithyola ndi dzanja pomwe zayambira. Mukazidula ndi mpeni zimabwerera ziwiri.

Mbewu yodula imanyamula chilichonse chimene mayi wake anali nacho, chabwino ndi choipa chomwe. Rozi amene masamba ake ali ndi mizere yachikasu yokhotakhota musatengepo mbewu, chifukwa matenda amenewo amayenda ndi timitengo ndi maso omezanitsa. Lezala muziipukuta ndi sipiriti pochoka pachitsamba china kupita pa china. Madontho akuda a pamasamba, amene amachuluka m'dzinja, amachepa mukamathirira patsinde osati pamasamba, ndi kutola masamba ogwa n'kuwatentha. Ndipo kwa abale athu a ku Johannesburg ndi ku Harare amene amafuna kutitumizira kamtengo m'chikwama pa basi, ndinene mosabisa kuti zimene anachita bambo aakulu masiku aja lero lamulo sililola popanda chilolezo cha a zaulimi. Lamulolo lili ndi chifukwa. Amene anaona nthochi za ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay zikutha ndi matenda a chisaka, kapena chinangwa cha m'mbali mwa nyanja chikufota ndi kodikodi m'zaka za m'ma 1980, akudziwa zimene mbewu yoyenda mosayang'aniridwa imatha kubweretsa.

Pali chenjezo lina limene ndikanakhala wachinyengo ndikanalisiya. Kupirira kumene tikuyamikira mwa rozi ameneyu ndi komwenso kumamupangitsa kukhala woopsa akathawa pakhomo. Rosa multiflora anafika ku United States m'chaka cha 1866 ngati tsinde lomezanitsira. M'zaka za m'ma 1930 boma la kumeneko linalimbikitsa alimi kumubzala ngati mpanda wamoyo ndi chotetezera nthaka. Mbalame zinadya tizipatso, zinamwaza njere, ndipo lero iye wadzaza malo odyetsera ziweto moti zigawo zingapo za dzikolo zinamuika m'gulu la zomera zoletsedwa. Ku South Africa mnzake Rosa rubiginosa ali pa mndandanda wotere, ngakhale kuti kumapiri a Lesotho anthu amatola zipatso zake n'kugulitsa. Ifenso tili ndi umboni wathu. Lantana analowa ngati duwa la pakhomo, lero watseka m'mbali mwa misewu ndi mitsinje. Tizipatso tachikasu taminga timene tadzaza paphiri la Zomba kwawo ndi kumapiri a Himalaya. Kufunda kwa kuno kumachititsa kuti njere za rozi zisamere mwachisawawa, koma nthambi zake zimagwira paliponse ponyowa. Choncho maluwa akafota dulani timagulu take tisanabereke, zodulira muzitentha osati kukataya kudambo, ndipo m'mphepete mwa nkhalango, mwa mtsinje kapena mwa manda si malo omubzala.

Wina angafunse kuti m'dziko limene chimanga chimatha m'nkhokwe Januwale asanafike, munthu angataye bwanji madzi a pamjigo pa duwa. Funso limeneli ndimalilemekeza, ndipo yankho langa ndinalipeza pamaliro. Mfumu ina ya mudzi woyandikana nawo itamwalira, nkhata zochokera kutauni zinali zapulasitiki, zonyezimira, zogulidwa ndi ndalama zambiri. Amayi am'mudzi anakhala pansi pa mtengo ndi zingwe ndi timitengo tofewa, akuluka zawo ndi bougainvillea ndi timagulu toyera ta rozi wa amayi aakulu. Pamene zidzukulu zinaitanidwa kukayala nkhata, zinanyamula zolukidwa pamudzi zija, zonunkhira, ndipo palibe anafunsidwa tambala. Maluwa omwewo amakakongoletsa guwa Lamulungu. Akatolika a ku Nambuma ndi ku Namitete amene amapemphera korona mwezi wa Okutobala mwina sadziwa onse kuti dzina lake m'Chilatini, rosarium, limatanthauza munda wa marozi, ndipo ndi mwezi womwewo umene chitsamba chathu chimayera mbee, njuchi zili ng'waa pamaluwa ake otseguka. Pa 15 mwezi womwewo ndi Tsiku la Anakubala. Amene amagulitsa maluwa a m'machubu m'mbali mwa misewu ya mu Lilongwe akudziwa kuti rozi womezanitsa bwino sakhalitsa pamzere. Madzi amene chitsamba chokhwima chimafuna m'chilimwe ndi otsukira mbale ndi otsalira posamba, ndipo cha amayi aakulu chadutsa zaka zambiri popanda ngakhale amenewo.

Ndinabwereranso ku Mpingu pakati pa Seputembala, dzuwa litayamba kuluma. Pathandala la kuseri kwa nkhokwe panali machubu khumi ndi awiri, mabotolo atachotsedwa kale. Amayi aakulu ananyamula chubu chimodzi n'kuchitembenuza kuti ndione. M'mabowo apansi munali mutatuluka timizu toyera ngati ulusi. Atatu anali atauma, ndipo anali atawaika pambali kuti mchengawo udzagwirenso ntchito. Tili pomwepo panafika mayi wina wa kutsidya kwa dambo, mwana kumsana, anagwada pang'ono n'kupereka moni. Anati mchemwali wake wa ku Namitete ali ndi rozi wofiira wonunkhira, ndipo walonjeza kumupatsa nthambi mvula ikagwa.

"Tengani awiri awa, mukabzale mvula ikakhazikika," anatero amayi aakulu akumusankhira machubu onenepa. "Nthambi yofiirayo ikadzafika mudzandiitane, ndipo mudzaikulunge m'nsalu yonyowa. Lezala ndili nayo."

Mayi uja anaika machubu awiriwo m'beseni, anasenza, n'kutsika njira ya kudambo akuyenda pang'onopang'ono kuti mchenga usakhuthuke.